Mabuku awiri a Esinati

Inu ana anga, Tadala ndi Limbani, mwakhala mukundinena kuti ndine nkhalamba yamkamwa, yoti ikaperekeza munthu kuchipatala imalowerera pa chilichonse ngati chipatalacho n'cha agogo ake. Iwe Limbani unandikwiyira sabata yathunthu chifukwa ndinakutulutsa m'chipinda cha adokotala tsiku lomwe mkazi wako ankadwala, n'kukuuza kuti mwini thupi ali ndi pakamwa pake. Sindinapepese nthawi imeneyo, ndipo lero sindipepesanso. Koma poti maso ayamba kuchita chidima ndipo dzanja layamba kunjenjemera, ndati ndilembe chomwe chinandisandutsa chonchi, kuti mukadzandiika musadzati amayi anali ovuta chabe. Za ubwana wanga ndi za kusukulu munazimva mpaka kutopa nazo. Ndiyambira pa ntchito.

Chaka changa choyamba, ku Old Town

Nditamaliza maphunziro a unamwino ananditumiza ku kachipatala kena ka ku Old Town, kuseri kwa mashopu a ku Area 2. Dzina lake sinditchula. Kanatsekedwa kalekale, ndipo pamalopo masiku ano amagulitsapo matayala. Odwala athu anali anthu a mumsika wa Lilongwe, amayi a tomato ndi a kaunjika, okhoma zidebe, komanso antchito a m'nyumba za ku Area 10 ndi Area 43, alonda, ophika ndi osamalira maluwa. Mabwana awo ankapita ku zipatala zawo zoziziritsa bwino, iwo n'kumabwera kwa ife. Mzere unkayamba tisanatsegule geti, ndipo pofika teni koloko unkakhala utafika pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda.

Wamkulu wathu anali a Metironi, mayi Mwale, munthu wamtali wa yunifolomu yosita mpaka kuwala. Musawatenge ngati munthu woipa. Magolovesi akatha ankachapa okha akale n'kuwayanika pa chingwe kuseri, thonje likatha ankang'amba nsalu zakale za pabedi n'kuziwiritsa. Ntchito ndinaiphunzira kwa iwo. Koma tsiku langa loyamba, atandipeza ndikufunsa agogo ena za kumudzi kwawo, anandikokera pambali n'kundiuza mawu omwe ndinayenda nawo zaka zambiri.

"Pano sitichezapo, mwana wanga. Funsa, lemba, baya, wina alowe."

Ndinamvera, ndipo ndinakhala katswiri pa changu. Anzanga ankati ndikagwira jakisoni mzere umayenda ngati wa kuchigayo magetsi atangoyaka, ine n'kumanyada nazo, chitsiru ine. Panali chizolowezi china chomwe chinkatithandiza kufulumira. Mkazi akabwera ndi mwamuna wake, buku la kuchipatala ankanyamula mwamuna, ndipo mafunso onse ankayankha mwamuna. Mkazi ankangokhala chozyolika, manja ali pamiyendo, ngati akunena za munthu wina. Ukafunsa kuti mutu unayamba liti, bambo ndi amene ankati dzana. Ife tinkati ndi ulemu wa kwathu, komanso kunena zoona tinkakondwa nazo, chifukwa abambo sazungulira poyankha.

Patatha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, nyengo ya mvula

Pofika nthawi imeneyi bambo anu anali atatisiya, iwe Tadala uli Fomu 2, ndipo ine ndinali Sisita woyang'anira chipinda cha jakisoni. M'chipindamo munali thireyi ya mankhwala a mwadzidzidzi. Mankhwala ofunika kwambiri pa thireyiyo ndi adirenalini, omwe amapulumutsa munthu jakisoni akamutembenukira. Athu anali atatha. Ndinalemba kalata katatu kupempha ena, katatu konse yankho linali lakuti tidikire. Botolo la mpweya linkangokongoletsa pakona, lopanda kanthu. Ndinatopa n'kulemba, ndinasiya, n'kumangobaya anthu ndikudalira mwayi.

Inali nthawi yomwe ma ARV anali atangofika kumene m'tauni. Anthu ankaopa kuonedwa pa benchi yolandirira mankhwalawo kuposa mmene ankaopera matendawo. Wa ku Area 1 ankakwera minibasi kukalandira kutali komwe samudziwa, ndipo ambiri, makamaka amayi, ankasunga mabuku awiri: lina loyera lokaonetsa amuna awo ndi achibale, lina lobisa lolembedwa zoona. Ife anamwino tinkazidziwa bwino zimenezi. Tinkachita kuseka pa nthawi ya tiyi, buku loyeralo n'kumalitcha buku la kutchalitchi.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera bambo wina wovala chikhoti chobiriwira ndi magamubutsu. Anali a Sitefano Banda, mlonda wa pa nyumba ina ku Area 10, kwawo cha ku Mitundu. Anabwera ndi mkazi wawo Esinati, mtsikana wochepa thupi, atabereka mwana wamkazi wa miyezi isanu ndi itatu, dzina lake Mphatso. Esinati ankatsokomola ndipo thupi linali moto. Adokotala anapeza chibayo n'kulemba jakisoni wa penisilini. Atafika pa tebulo langa a Sitefano anandipatsa buku ndi manja awiri. Linali latsopano, lolembedwa tsamba limodzi lokha. Mutu wa munthu wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pa ntchito ukanayenera kudabwa kuti mayi woti wabereka chaka chomwecho buku lake likhala bwanji loyera chonchi. Wanga sunadabwe. Ndinafunsa funso la masiku onse, ngati panali mankhwala ena omwe sayanjana ndi thupi la wodwalayo, ndipo ndinafunsa maso anga ali pa mwamuna. Iwo anati ayi, mayiwa sadwaladwala. Apo Esinati anadzutsa mutu. Ndinamuona ndi maso angawa. Anatsegula pakamwa, anayang'ana mwamuna wake, n'kuzyolikanso.

A Sitefano analandira mwana n'kutuluka, ife tinalowa kuseri kwa katani. Tinali awiriwiri. Ndikupopa mankhwala m'botolo ndinamva akundiitana ndi mawu otsika.

"A nesi..."

"Tembenukani mayi, anthu ndi ambiri panja."

Anatembenuka. Ndinabaya.

Sipanathe mphindi zisanu. Anayamba kudzikanda m'khosi, milomo inatupa, kupuma kwake kunayamba kulira ngati wenzulo. Ndinadziwa pomwepo chomwe chachitika. Ndinathamangira pa thireyi ngakhale ndinkadziwa kuti palibe kanthu, ndinavundula mabotolo onse ngati wamisala. Adokotala anabwera, a Metironi anabwera, tinaika diripi, tinamukweza miyendo. Ambulansi inali itaima kuyambira sabata yapitayo, yopanda mafuta. Wina anathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto, koma pomwe inkalowa pageti tinali tikumutsindika pachifuwa munthu woti wapita kale. Maso ake anali pa ine mpaka kumapeto, ndipo sananenenso mawu ena.

Panja a Sitefano anali atakhala pa benchi, mwana ali pamwendo, m'manja muli chimanga chootcha chomwe anagulira mkazi wawo kuti adye akatuluka. A Metironi ndi amene anawauza. Anati matenda anali atalowerera kwambiri, tayesetsa koma Mulungu wachita kufuna kwake. Bamboyo anagwada, mwana ali m'manja, n'kutithokoza chifukwa choyesetsa. Zikomo ameneyo amandilasabe mpaka lero.

Pokonza thupi ndinatsala ndekha. Nditamasula chitenje ndinapeza kanthu kolimba m'chiuno, komangidwa ndi kansalu mkati mwa siketi. Linali buku lina, lakale, lokulungidwa m'jumbo ya shuga. Pachikuto penipeni panali mawu a inki yofiira, odulidwa mzere kawiri kunsi, akuti munthuyu asapatsidwe penisilini. M'kati munali chidindo cha chipatala china cha kutali ndi kwathu, komwe anamupeza ndi kachilombo miyezi itatu yapitayo n'kumuyambitsa ma ARV. Pa masamba awiri otsatizana namwino wa kumeneko analemba kuti abwere ndi mwana adzayezedwe. Malo olembapo zotsatira za mwanayo anali opanda kanthu. Ndinaika bukulo m'thumba la yunifolomu, n'kukhala pansi pa simenti.

Mawa lake, ndi masabata awiri otsatira

A Metironi anandiitana mu ofesi n'kutseka chitseko. Ndinawaonetsa bukulo. Analiwerenga mpaka kumapeto, analitseka, n'kunena kuti madzi akatayika saoleka. Lipoti linali litalembedwa kale kuti Esinati wamwalira ndi chibayo chachikulu, linkangodikira dzina langa. Anandikumbutsa kuti nkhaniyi ikatuluka, wobaya ndine, ndipo akuluakulu omwe sanatitumizire adirenalini sadzapezeka pa mlandu. Anandikumbutsanso za inu, ana amasiye awiri. Nditafunsa za mwana uja, yemwe wakhala akuyamwa miyezi yonseyi osayezedwa, anandiyankha ndi funso.

"Mwini wake anabisa ali moyo. Iwe ndiwe yani kuti ukamuulule atafa?"

Ndilembe poyera kuti funso limenelo silinali lopusa. Chinsinsi cha wodwala tinalumbira kuchisunga, ndipo lumbirolo silithera kumanda. Ndilembenso poyera chomwe ndinachita, musadzanditenge ngati mngelo. Ndinasaina lipoti labodzalo.

Bukulo ndinalibisa m'sutikesi pansi pa zovala za bambo anu. Masabata awiri ndinagwira ntchito ngati chidole. Mwana aliyense wobwera ndi chifuwa kapena zilonda za m'kamwa ndinkamuyang'anitsitsa kuti kapena ndi Mphatso. Ndinkadziwa mmene ana otere ankathera masiku amenewo: kutsegula m'mimba, kuonda, kupita kwa asing'anga, kenako kabokosi ka maliro konyamulidwa ndi munthu mmodzi. Bambo ake sakanaganiza zokamuyezetsa, chifukwa palibe chomwe ankadziwa. Kupatula a chipatala chakutali chija, odziwa tinali awiri, ine ndi a Metironi, ndipo a Metironi anali atatseka buku lawo. Ndinapemphera kuti Mulungu andipatse njira yopulumutsira mwana popanda kuvula mayi ake, koma sindinaipeze. Ndikanangowauza kuti akayezetse mwana, akanafunsa chifukwa. Ndikanawapatsa buku, mawu ofiira aja ali pachikuto pomwe.

Loweruka masana, ku Area 10

Nyumba yomwe a Sitefano ankalondera ndinaipeza m'kaundula wathu. Ndinakwera minibasi mpaka ku City Centre, kwinako ndinayenda wapansi. Kumeneko n'kwina, ana inu: misewu yopanda munthu, mipanda italiitali, agalu okuwa osaoneka. Nditagogoda, a Sitefano anasuzumira pa kabowo ka geti, anandizindikira, n'kutsegula mwansangala. Anali atangobwera kumene kuchokera ku maliro, m'mutu mwometa. Anandipatsa kampando kawo, iwo n'kunjuta pansi. Anati mwana ali kumudzi ndi alongo awo, akumwa phala, koma wayamba kudwaladwala, kapena n'kusowa amake. Anaganiza kuti ndabwera kudzapepesa maliro.

Ndinayamba ndi mlandu wanga, kuti ndisaoneke ngati ndikubisala kuseri kwa wakufa. Ndinawauza kuti mkazi wawo sanafe ndi chibayo koma ndi jakisoni yemwe ndinabaya ine, kuti anayesa kundiuza koma ndinamudula, kuti mankhwala omupulumutsira tinalibe, ndipo kuti zomwe tinawauza tsiku lija zinali bodza. Kenako ndinatulutsa buku lija, likadali m'jumbo yake ya shuga. Kuwerenga ankadziwa pang'ono, ankatsata ndi chala, milomo ikugwedera. Atafika pa chidindo chija chala chinaima. Ndinawafotokozera tanthauzo lake, la iwo ndi la mwana. Nkhope yawo inasintha mpaka ndinachita mantha, ndinayang'ana komwe kunali chibonga chawo. Koma analankhula motsitsa, ngati akuopa kuti abwana amva m'nyumba.

"Ndiye mwandiphera mkazi, lero mwabwera kudzamuvula."

"Nditukwaneni mmene mungathere, bambo, ndikuyenera. Koma mwanayo mukamutenge akayezedwe."

Anaimirira, anatsegula geti, n'kudikira kuti ndituluke. Buku anatsala nalo. Ndinayenda mpaka ku City Centre ndikulira ngati mwana, osasamala za magalimoto odutsa.

Lolemba ndinalemba lipoti lina, loona, n'kukalipereka ndekha kwa akuluakulu. Patatha mwezi a Sitefano anatulukira pa tebulo langa, Mphatso ali kumsana, woonda, tsitsi lofiirira. Moni sanapereke. Anangoyala mapepala awiri patsogolo panga. Mwana anamupeza nako kachilombo ndipo anali atamulembera mankhwala. Iwo kachilomboko analibe. Anandifunsa kuti nanga mkazi wawo anakatenga kuti. Ndinayesa kufotokoza kuti zimachitika m'mabanja ambiri, kuti mwina anali nako asanakwatirane, kuti pepala silinena za khalidwe la munthu. Ndinkalankhula ndi khoma. Anapinda mapepala awo n'kumapita, ndipo ndinadziwa kuti Esinati ankadziwa bwino chomwe ankaopa.

Zaka za ku City Centre

Anandiimitsa ntchito miyezi isanu. Inu mukukumbuka nthawi imeneyo ngati nthawi yomwe amayi ankakazinga mandasi, ndipo ndinakuuzani kuti ndili pa tchuthi. Pa bwalo lofufuza anandifunsa maola atatu za jakisoni ndi za kuulula chinsinsi, koma za makalata anga atatu opempha adirenalini anati sakuwapeza m'mafayilo. Anandidzudzula polemba n'kundichotsa pa Usisita. A Metironi anapuma ntchito chaka chomwecho, ndipo mpaka imfa yawo sanandiyankhenso moni, ngakhale kutchalitchi. Anzanga ena ankati ndinadzipalira ndekha makala pamutu, ena ankati ndinawagulitsa.

Kenako kunatsegulidwa kaofesi ku City Centre koona za chitetezo cha odwala, ndipo poti palibe chipatala chomwe chinkandifuna, anandiponya kumeneko. Ndinakhalako mpaka kupuma. Ntchito inali kulandira malipoti a zolakwika za m'zipatala ndi kuphunzitsa anamwino kalankhulidwe ndi odwala. Malipotiwo ankabwera mwa apo ndi apo, chifukwa palibe mbuzi yodzipereka yokha kwa fisi, ndipo omwe ankabwera ankakathera m'kabati. Pophunzitsa ndinalibe nzeru zambiri. Ndinkabwereza zinthu zitatu mpaka kukhala ngati wailesi yowonongeka: yang'anani thireyi m'mawa uliwonse musanabaye munthu, tulutsani woperekeza kwa mphindi ziwiri ngakhale akhale abusa kapena bwana, ndipo mukatsala awiri funsani wodwala ngati ali ndi buku lina, kenako tsekani pakamwa panu mudikire. Anandipatsa dzina loti Mayi Tulukani Kaye. Anamwino achinyamata ankandifunsa kuti nanga mzere, Sisita, tili awiri pa anthu odzaza bwalo? Funsolo linkandipsetsa mtima chifukwa linali loona. Nthawi zonse ndinkawauza nkhani ya mayi wa mabuku awiri, osatchula dzina. Kuti namwino wake ndinali ine ndinkanena kumapeto.

Chaka chatha

Ndinapita ku msika wa Lilongwe kukagula loko wa pa geti. Pa benchi ina ya maloko ndi misomali panakhala bambo waimvi, ndipo tinazindikirana nthawi imodzi. Pambali pawo panali mtsikana wamtali, wonenepa bwino, nkhope yake ya Esinati yeniyeni. A Sitefano anamutuma kukatenga loko wamkulu ku benchi ya mnzawo, ndipo atachoka anandiuza mwachidule, maso ali pa misomali. Ulonda anasiya. Mphatso anamaliza Fomu 4, mankhwala amamwa tsiku ndi tsiku osaphonya, ndipo amadziwa kuti anabadwa nako. Za jakisoni sanamuuze, amadziwa kuti amake anafa ndi chibayo. Nditafunsa ngati anamanga chiliza, anapukusa mutu. Anati kumanda kwa Esinati sanapondeko chichokere tsiku lomwe ndinabwera ku Area 10, ndipo sakudziwa ngati mtumbira wake ukuonekabe.

Mtsikana uja anabwera ndi loko. Bambo ake anamuuza kuti awa ndi a nesi omwe anali ndi amako tsiku lomaliza. Sindikudziwa ngati ananena pondichitira chifundo kapena pondilanga. Mwanayo anaika loko pansi, anapinda maondo, n'kundigwira dzanja ndi manja ake awiri. Anandithokoza chifukwa chosamalira amayi ake. Kenako anafunsa, mwamanyazi, ngati munthu yemwe wasunga funso zaka zambiri.

"Kodi ananenapo kanthu asanamwalire?"

A Sitefano anasiya kusanja misomali. Ndikanatha kunena kuti anatchula dzina lake, ndipo mwanayo akanapita kwawo ndi kanthu kofunda mumtima. Koma bodza la pa Esinati ndinasaina kamodzi, linandikwana.

"Anayamba kunena, mwanawe. Ine sindinawadikire."

Anandiyang'ana osamvetsa, akumwetulirabe, dzanja langa lili m'manja mwake. Ndinalichotsa pang'onopang'ono n'kutuluka mumsika, loko ndinamusiya pa benchi pomwepo. Mwina Esinati ankafuna kundiuza za penisilini, mwina za mwana wake, sindidzadziwa. Zikananditengera mphindi imodzi yokha.